Msilikali Akabwera ndi Bala, Amuikira Umboni Ndani?

Amayi anzanga, nkhondo ikatha asilikali amabwerera kwawo, koma ena nkhondoyo imawatsatira mpaka m'nyumba. Wina amabwera akutsimphina. Wina khutu limodzi silimvanso, ndipo m'mutu mumangolira ngati muli nyenje usana ndi usiku. Wina amafika ali wathanzi, matenda n'kudzamugwira patatha zaka 20. Wina thupi lili bwinobwino, koma tulo sakuona, ndipo chitseko chikangomenyetseka amadzidzimuka n'kuyamba kunjenjemera. Amene amayamba kuona zonsezi kawirikawiri ndi mkazi wake kapena mayi ake. Ndi iwonso amene amasenza ntchito yodwazika, ndipo ndalama ikasowa pakhomo mutu umene umazungulira ndi wawo.

Maiko ambiri ali ndi lamulo loti msilikali amene wavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito yake azilandira chithandizo cha ndalama. Koma kukhalapo kwa lamulo ndi nkhani ina, kufika kwa ndalama m'manja ndi nkhani inanso. Ambiri akapempha amakanidwa, ndipo amayenera kuchita apilo. Lero tione mmene apilo zoterezi zimathera m'dziko la America. Dzikoli lili ndi asilikali akale mamiliyoni ambiri, ndipo chaka chilichonse limalengeza poyera kuti apilo zawo zatha bwanji. Pa milandu imeneyi pali zambiri zokhudza ife anamwino amene timalemba m'mabuku a odwala, komanso inu amene mumasunga mabukuwo kunyumba.

Njira imene pempho limadutsa

Ku America kuli unduna woona za asilikali akale, umene anthu amangoutchula mwachidule kuti VA. Msilikali wopuma amene ali ndi vuto la m'thupi kapena la m'maganizo amalemba pempho lake ku ofesi ya undunawu, ndipo nthawi zambiri amatumizidwa kwa dokotala kuti akamuyeze. Ofesi ikavomera kuti vutolo lidadza chifukwa cha usilikali, imaliika pa mlingo woyambira pa 0 kufika pa 100, kumakwera ndi 10. Mlingowo ndi umene umanena kuchuluka kwa ndalama za pamwezi. Choncho munthu akhoza kudandaula pa zinthu zitatu: kuti amukaniratu, kuti amuika pa mlingo wotsika, kapena kuti tsiku limene ayambira kuwerengera ndalama zake ndi lolakwika.

Kuyambira mu February 2019, amene sadakhutire ali ndi njira zitatu. Atha kubweretsa umboni watsopano kuti pempho lake lionedwenso. Atha kupempha kuti mkulu wina wa mu undunawo aunike mapepala omwe aja. Kapena atha kupita ku bwalo lapadera lotchedwa Board of Veterans' Appeals, limene lidakhazikitsidwa mu 1933 ndipo lili ku Washington. Kumeneko mlandu umaonedwa ndi woweruza. Akakanidwanso, ali ndi masiku 120 oti akasume ku khoti loima palokha loona milandu ya asilikali akale.

Khoti limeneli lidabwera mochedwa, mu 1988. Kale lonselo mawu a unduna ankakhala omaliza. Padalinso lamulo lochokera m'zaka za m'ma 1860 loti loya wothandiza msilikali pa pempho lotere asalandire ndalama zoposa madola 10. Cholinga chidali kuteteza asilikali kwa maloya adyera, koma patatha zaka 100 madola 10 adali atasanduka ndalama ya ndiwo, moti maloya ambiri ankaithawa ntchitoyo.

Mmene apilo zimathera

Mlandu ukafika ku bwalo la ku Washington lija umatha mwa njira imodzi mwa zitatu. Ukhoza kupambana, ukhoza kukanidwa, kapena ukhoza kubwezedwa ku ofesi kumene udachokera kuti akakonze zimene adasiya. Milanduyi ndi yambiri zedi: m'chaka cha 2020 chokha bwaloli lidagamula yoposa 100,000. Malipoti ake a zaka zozungulira 2018 amaonetsa kuti pa milandu khumi iliyonse, itatu kapena inayi inkapambana, mwina pa pempho lonse mwina pa gawo lake, pafupifupi inayi inkabwezedwa, ndipo iwiri yokha ndiyo inkakanidwiratu.

Taganizirani bwino manambala amenewa. Onsewa ndi anthu amene ofesi idawauza kale kuti ayi. Akadakhala pansi n'kunena kuti boma lalankhula, ambiri mwa iwo akadataya chinthu chimene chidali chawo mwalamulo.

Milandu yobwezedwa ndi imene ikutikhudza kwambiri ife a zachipatala. Lamulo la kumeneko limakakamiza unduna kuthandiza wopemphayo kusonkhanitsa umboni. Mlandu umabwezedwa ngati ofesi sidaitanitse mapepala a chipatala china kumene munthuyo adagonekedwa, ngati dokotala adamuyeza mwachangu osaona zonse, kapena ngati dokotala adangolemba kuti matendawa sakukhudzana ndi usilikali koma osapereka chifukwa. Kubwezedwa kumapereka mwayi wina, komabe kumadya nthawi. M'dongosolo lakale milandu yambiri yofika ku bwaloli inkatenga zaka zisanu kapena kuposerapo, kumangozungulira ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, ndipo okalamba ena ankamwalira yankho lisanabwere. Ndi chifukwa chake dongosolo lidasinthidwa mu 2019.

Pali zinthu ziwiri zimene zimalimbitsa mtima wodikira. Choyamba, munthu akamachita apilo chisanathe chaka chichokereni chigamulo chilichonse, osadukiza, tsiku limene wapambana amalandira ndalama zonse za m'mbuyo kuyambira pamene adapempha koyamba. Akalekerera chaka n'kudutsa, akhoza kudzapambana ndithu, koma zaka zam'mbuyozo zimatayika. Chachiwiri, sayenda yekha. Mabungwe a asilikali akale monga Disabled American Veterans ndi American Legion amathandiza kulemba ndi kuimirira mlandu kwaulere, ndipo malipoti a bwaloli amaonetsa kuti amene amapita opanda womuimirira ndi amene amakanidwa kwambiri. Mutu umodzi susenza denga.

Mafuwa atatu

Mphika sukhala pa mafuwa awiri. Pempho la msilikali nalonso limakhala pa mafuwa atatu, ndipo limodzi likasowa zonse zimatayika.

Fuwa loyamba ndi matenda kapena ulumali umene ulipo lero, wotsimikizidwa ndi a chipatala. Lachiwiri ndi chimene chidachitika pa nthawi ya usilikali: kugwa, kuomberedwa, phokoso la mizinga, utsi, kapena zoopsa zimene munthu adaona. Lachitatu ndi mgwirizano wa ziwirizi, kutanthauza mawu a dokotala onena kuti vuto la leroli lidachokera pa chochitika chija, ndi kufotokoza chifukwa chake.

Fuwa lachitatuli ndi limene limagwetsa ambiri. Bambo wa zaka 60 akudandaula bondo. Palibe amene akukana kuti bondolo likupweteka. M'mapepala ake a usilikali muli mzere wonena kuti adagwa ali ndi zaka 22. Funso ndi lakuti, kodi ululu wa lerowu ndi wa kugwa kuja kapena ndi ukalamba chabe? Ngati pakati pa zaka zonsezi pali mapepala oonetsa kuti ankapita kuchipatala ndi bondo lomwelo, mlandu umalimba. Ngati palibe chilichonse, woweruza amakayika.

Lamulo lawo lili ndi mfundo imodzi yokomera msilikali. Umboni wa mbali ziwiri ukalemera pafupifupi mofanana, wopambana ndi msilikali. Choncho dokotala safunika kulumbira kuti akudziwa motsimikiza. Chongofunika ndi kunena kuti mwayi woti matendawa adachokera ku usilikali ndi wofanana, kapena woposa, mwayi woti adachokera kwina.

Mapepala akasowa, a m'banja amalankhula

Pa 12 July 1973 moto udabuka pa nyumba yosungiramo mafayilo a asilikali mumzinda wa St. Louis. Mafayilo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni adapsa, ndipo ambiri mwa iwo adalibe ena ofanana nawo kwina kulikonse. Asilikali ambiri a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi a nkhondo ya ku Korea adapezeka alibe pepala loonetsa kuti adavulalapo. Amene adasunga kunyumba kalata yawo yotulukira usilikali, makalata olembera makolo ali ku nkhondo, kapena zithunzi, adali ndi poyambira.

Makhoti a kumeneko adagamulanso kuti umboni wa munthu wamba usatayidwe pongoti palibe pepala la chipatala la nthawi imeneyo. Mkazi sangathe kutchula dzina la matenda ovuta, koma angathe kunena zimene adaona ndi maso ake: kuti mwamuna wake adapita akuyenda bwino n'kubwera akutsimphina, kuti wailesi amaikweza mpaka ana kudandaula, kuti usiku amakuwa kutulo. Mnzake wa ku nkhondo angathenso kulemba kuti adalipo tsiku limene galimoto idagubuduzika. Makalata oterewa amalandiridwa ngati umboni, ndipo amalemera kwambiri akakhala ndi masiku, malo ndi zinthu zenizeni zimene wolembayo adaona.

Asilikali a m'sitima ndi mankhwala a ku Vietnam

Pakati pa 1962 ndi 1971 asilikali a America adapopera mankhwala oyoyola masamba m'nkhalango za ku Vietnam kuti adani asowe pobisala. Otchuka kwambiri adali Agent Orange, amene adali ndi poizoni wotchedwa dioxin. Patapita zaka asilikali ambiri adayamba kudwala khansa ndi matenda ena, koma mapempho awo ankakanidwa. Ndani akadatha kutsimikiza kuti tsiku lakuti mankhwala adamugwera, ndipo ndi amene adabala khansa patatha zaka 15?

Mu 1991 nyumba ya malamulo idasintha kachitidwe. Idalamula kuti aliyense amene adagwira usilikali ku Vietnam pa nthawiyo atengedwe kuti adakhudzidwa ndi mankhwalawo, ndipo akadwala amodzi mwa matenda a pa mndandanda wa boma, asafunsidwenso za fuwa lachitatu lija. Mndandandawo udakula pang'onopang'ono mpaka kuphatikiza matenda a shuga a akuluakulu ndi khansa ya prostate. Ife azamba tingaonjezere kuti nkhaniyi idafika mpaka kwa ana. Boma lidavomera kuthandiza ana a asilikaliwa amene adabadwa ndi msana wosatsekeka, vuto lotchedwa spina bifida, ndipo kenako lidaonjezera zilema zina zobadwa nazo kwa ana a amayi amene adatumikira ku Vietnam. Ambiri mwa amayiwo adali anamwino.

Komabe unduna unkanena kuti lamuloli ndi la okhawo amene adaponda nthaka ya Vietnam kapena kuyenda m'mitsinje yake. Asilikali a m'sitima zapanyanja adatsala kunja. Mmodzi mwa iwo adali Alfred Procopio, amene adatumikira m'sitima ya USS Intrepid kuyambira 1964 mpaka 1967. Adapempha chithandizo cha matenda a shuga mu 2006 ndi cha khansa ya prostate mu 2007. Ofesi idakana, bwalo la ku Washington lidakana, khoti la asilikali nalo lidakana. Iye sadaleke. Mu January 2019 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti gawo la nyanja loyandikana ndi gombe ndi mbali ya dziko la Vietnam, choncho amene adali m'madzi amenewo nawonso akuwerengedwa. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo idalemba chigamulocho kukhala lamulo. Zaka zoposa 12 za kuumirira kwa munthu mmodzi zidatsegulira khomo anzake masauzande ambiri, kuphatikizapo amayi amasiye amene amuna awo adamwalira atakanidwa.

Masiku 15 okha

David Henderson adagwira usilikali pa nthawi ya nkhondo ya ku Korea ndipo adatulutsidwa mu 1952 atapezeka ndi matenda aakulu a maganizo otchedwa schizophrenia. Mu 1992 unduna udamuika pa mlingo wa 100. Mu 2001 adapempha ndalama zoonjezera chifukwa ankafunika womusamalira kunyumba, koma ofesi ndi bwalo adakana. Atapita ku khoti adachedwa ndi masiku 15 pa masiku 120 aja. Adafotokoza kuti matenda akewo ndi amene adamuchedwetsa, koma khoti lidati lilibe mphamvu yomvera mlandu wofika mochedwa, ngakhale chifukwa chikhale chotani.

Nkhaniyi idakwera mpaka ku khoti lalikulu kwambiri la dzikolo. Henderson adamwalira mu October 2010 chigamulo chisanatuluke, ndipo mkazi wake, Doretha, adalowa m'malo mwake. Pa 1 March 2011 oweruza onse amene adamva mlanduwo adagwirizana kuti malire a masiku 120 si chipupa chosadumphika, chifukwa dongosolo lonseli lidakonzedwa kuti lithandize asilikali. Chigamulochi chidatsegula mpata woti khoti lizimvera zifukwa za wochedwa.

Pali ziwiri zoti titolepo. Matenda amene akupatsa munthu ufulu wopempha ndi omwewo amene angamulepheretse kutsata masiku, choncho payenera kukhala wina pakhomo amene akuwerenga makalata ndi kuyang'ana kalendala. Chachiwiri, imfa ya mwini mlandu sikutseka nkhani nthawi zonse. Kuyambira mu 2008 lamulo la ku America limalola mkazi kapena mwamuna wamasiye, kapena wachibale wina woyenerera, kupitiriza mlandu kuchokera pamene udalekezera, malinga ngati wapempha chisanathe chaka chichitikireni maliro.

Utsi wa m'maenje

Pa nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan, zinyalala za m'misasa ya asilikali zinkatenthedwa m'maenje akuluakulu. Ankaponyamo mapulasitiki, matayala, mabatire, penti ndi zotayidwa za kuchipatala, n'kuthira mafuta a ndege. Asilikali ankagona ndi kudya pafupi ndi utsi umenewo. Atabwerera kwawo ena adayamba kubanika, ena adadwala khansa ali achinyamata. Kwa zaka zambiri mapempho oposa asanu ndi awiri mwa khumi alionse okhudza utsiwu ankakanidwa, pa chifukwa chomwe chija chosowa umboni wolumikiza.

Mabanja ndi amene adasintha zinthu. Heath Robinson, msilikali wothandiza ovulala wa ku Ohio amene adatumikira ku Iraq, adamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu 2020. Mkazi wake ndi apongozi ake, pamodzi ndi mabanja ena, sadatope kupita ku nyumba ya malamulo. Pa 10 August 2022 Pulezidenti Joe Biden adasaina lamulo lotchedwa PACT Act, limene lili ndi dzina la Robinson. Lamuloli lidaika matenda oposa 20 pa mndandanda wa osafunika umboni wolumikiza, ndipo lidaonjezera kuthamanga kwa magazi pa mndandanda wa Agent Orange. Amene adakanidwa kale adapatsidwa mwayi wopemphanso.

Bala losaoneka

Vuto limene asilikali akale ambiri ku America amalandirira chithandizo ndi kulira kwa m'makutu, chinthu chimene wodutsa m'njira sangachione. Chinanso chosaoneka ndi matenda a maganizo obwera munthu akaona zoopsa, amene madokotala amawatchula kuti PTSD. Dzinali lidalowa m'mabuku a zachipatala mu 1980, ngakhale kuti matendawo ndi akale ngati nkhondo yomwe. Wodwala amalota zimene adaona, amapewa chilichonse chomukumbutsa, amakhala tcheru ngati kuti mdani ali pakhomo, sachedwa kupsa mtima, ndipo ena amathawira ku mowa.

Poyamba msilikali ankayenera kupeza mapepala otsimikiza kuti choopsa chimene akunenacho chidachitikadi, ndipo ambiri ankalephera. Mu July 2010 unduna udafewetsa lamuloli. Ngati nkhani yake ikugwirizana ndi malo ndi mtundu wa ntchito imene ankagwira, ndipo dokotala wa maganizo wa undunawo wavomereza, mawu ake akhoza kukwana.

Matendawa ali ndi chithandizo, cha uphungu ndi cha mankhwala. Vuto ndi lakuti abambo ambiri, makamaka ophunzitsidwa kupirira, safuna kunena. Dokotala akafunsa kuti muli bwanji, amayankha kuti ndili bwino, ndipo zimenezo ndi zimene zimalembedwa. Patatha zaka, mzere umenewo umadzagwiritsidwa ntchito pomukana.

Nanga kuno kwathu?

Nkhani ya asilikali ovulala si yachilendo kwa ife. Agogo athu adamenya nkhondo ziwiri za dziko lonse m'gulu la King's African Rifles, ena mpaka ku Burma, ndipo chipilala cha ku Zomba chimatikumbutsa zimenezo. Chikalata cha boma la Britain cha mu 1945, chimene atolankhani adachiulutsa mu 2019, chidaonetsa kuti potsanzikana nawo, msilikali wamba wachizungu ankapatsidwa mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene wachikuda ankapatsidwa atatu ndi theka.

Masiku ano ana athu amapita kukasungitsa mtendere. Asilikali a Malawi adatumizidwa ku Democratic Republic of Congo mu 2013, ndipo mu November 2018 asanu ndi mmodzi adaphedwa pafupi ndi Beni. Bungwe la United Nations limapereka chipukuta misozi msilikali wake akafa kapena kulumala pa ntchito. Mu July 2018 ndalama ya imfa idakwezedwa kufika pa madola 77,000, ndipo wolumala amalandira gawo la ndalamayo molingana ndi kukula kwa ulumali wake. Pempho limadutsira ku boma la dziko la msilikaliyo, ndipo limadalira malipoti a ngozi ndi a chipatala. Mabanja ena alinso ndi ana m'gulu la asilikali a Britain. Kumeneko, pa kuvulala kochitika kuyambira pa 6 April 2005, lamulo limapereka zaka zisanu ndi ziwiri zoti munthu apemphe, ndipo wokanidwa ali ndi ufulu wa apilo.

Malamulo a dziko lililonse ndi osiyana, ndipo za ku America sizigwira ntchito kuno. Koma mafunso amene ofesi iliyonse imafunsa ndi omwe aja: mukudwala chiyani, chidachitika ndi chiyani, ndipo ziwirizi zikugwirizana bwanji? Ndi mafunso omwewo amene akukumana nawo abambo amene adagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa, amene akufuna chipukuta misozi cha matenda a fumbi ndi chifuwa chachikulu kudzera ku Tshiamiso Trust, komanso aliyense wovulala pa ntchito.

Zimene mungachite pakhomo

Sungani buku la kuchipatala ngakhale litadzaza. Ambiri timataya lakale tikagula latsopano, kapena ana amang'ambamo mapepala, koma lakalelo ndi limene limaonetsa pamene vuto lidayambira. Liikeni m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi kalata yolembedwera ntchito, kalata yopumira, nambala ya ntchito, zotsatira za X-ray ndi makalata otulukira kuchipatala. Chiswe, mvula ndi moto siziona kuti pepala ili ndi lofunika. Ngati pali foni yojambula, jambulani tsamba lililonse n'kutumizira wachibale wodalirika.

Wodwala akamaonana ndi dokotala kapena namwino, anene chimene chidayambitsa vutolo ndipo apemphe mwaulemu kuti chilembedwe. Mzere wonena kuti msana ukupweteka ndi wosiyana kwambiri ndi mzere wonena kuti msana udayamba kupweteka atagwa pa galimoto ya ntchito mwezi wakuti. Pa mzere wa odwala 100 wolemba amafupikitsa, ndipo sakhumudwa mukamukumbutsa. Ife tikamaphunzitsa anamwino timawauza kuti tsiku, mbali ya thupi, chimene chidachitika ndi chimene apeza zilembedwe momveka, chifukwa amene adzawerenge mwina ndi woweruza patatha zaka 30.

Perekezani amuna anu kapena ana anu pa tsiku loyezedwa. Muwalimbikitse kunena mmene zimakhalira pa tsiku loipa, osachepetsa ndiponso osaonjezera. Bodza limodzi likagwidwa limaononga ndi zoona zomwe.

Khalani ndi kope laling'ono. Lembani tsiku limene adakomoka, usiku umene sadagone, ntchito imene adaileka chifukwa cha ululu, ndi ndalama zimene mwaononga pa mankhwala ndi maulendo. Lembaninso maina a anzake amene adali nawo pa nthawi ya ngozi.

Mukapereka pempho ku ofesi iliyonse, musapereke pepala lanu lokhalo. Pangitsani fotokope, ndipo pemphani chidindo kapena siginecha yoonetsa tsiku limene alandira. Akakana, pemphani kuti akulembereni chifukwa chake, ndipo funsani kuti muli ndi masiku angati ochitira apilo komanso kuti apiloyo ipite kwa yani. Kukana kwa pakamwa n'kovuta kukutsutsa. Werengani chifukwacho bwinobwino, chifukwa ndi chimene chikuuzeni fuwa limene lasowa. Kubwereza pempho lomwelo popanda chatsopano kumabweretsa yankho lomwelo.

Funsani thandizo. Kuno kwathu kuli Legal Aid Bureau yothandiza amene sangathe kulipira loya, ndi ofesi ya Ombudsman yomva madandaulo a anthu amene sadathandizidwe mwachilungamo ndi maofesi a boma. A komiti ya Chilungamo ndi Mtendere pa parishi angathe kukulozerani njira. Chenjerani ndi anthu oyenda m'midzi amene amati perekani kangachepe kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda. Safunsa adadya phula.

Mwini mlandu akamwalira, tengani chikalata cha imfa ndipo onetsetsani kuti matenda amene adamutenga alembedwa bwino. Musalole kuti mapepala ake amwazike pa nthawi yogawa katundu. Funsani msanga ngati mkazi kapena ana angathe kupitiriza.

Pa msonkhano wanu wotsatira, tafunsanani kuti m'mphakati mwanu muli ndani amene adagwirapo usilikali, amene adapita ku migodi, kapena amene adavulala pa ntchito. Mwina mupeza mayi wamasiye amene ali ndi envulopu m'sutikesi imene sadziwa kuwerenga kwake, ndipo m'kati mwake muli tsiku lomaliza lochitira apilo. Sankhani awiri odziwa kuwerenga, apite akakhale naye pamphasa, atsegule envulopuyo limodzi.